Malume a Mwana Ali Kuti?

"Shuga, achemwali! Mwandiphera ntchito ndi mapaketi a shuga!"

Amuna anga, a Medson, anali ataima pakati pa khitchini, tayi ili paphewa, foni ili m'manja. Chikwatiwireni ine ndinali ndisanawamvepo akukalipira achemwali awo. Koma Lolemba limenelo, kutatsala pafupifupi masabata atatu kuti anthu avote, anakuwa mpaka ndinathamanga kukatseka mawindo.

Alamu angawo, a Zelipa, anangokhala phee pampando, chikwama chili pamiyendo, atavala kale yunifolomu ya kunyumba yosamalirako okalamba kumene amagwira ntchito. Patebulo panali nsalu imene inautsa mapiri pachigwa. Nkhope ya a Medson inali ponseponse pansaluyo, ikumwetulira, ndipo m'munsi mwake analembamo kuti "Mwana wathu abwererenso."

"Iwe Medi, tatsitsa mawu," anatero alamu. "Ndalakwa chiyani ine? Kwathu munthu akamaima pachisankho abale ake amatani? Sagawa nsalu? Amayi amavina atavala chiyani, masaka a chimanga?"

"Kuno si ku Ntcheu, achemwali. Kuno ndi ku Toronto. Kupatsa munthu kanthu n'kumuuza kuti avotere uje ndi mlandu. Amati kugula mavoti."

"Kugula? Ndi kashuga kapaketi kamodzi? Ndiye kuti mavoti akuno ngotchipa bwanji!"

"Musaseke, achemwali. Anthu akukuonerani pa intaneti chiyambire dzulo."

Nkhani yake inali iyi. A Medson anali phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Ontario, woimira dera lina kuno ku North York, ndipo ankafuna kuti anthu awasankhenso. Alamu, osauza munthu, anaitanitsa nsalu mazana awiri kuchokera kumudzi. Akaweruka kuntchito ankalowa m'nyumba zosanja za m'deralo, khomo ndi khomo, n'kumapatsa nkhalamba nsalu ndi shuga, uku akuti, "Mumuvotere mwana wathuyu." Wina anawajambula vidiyo ali mu lifiti ndi chikwama chawo cha nsalu. Madzi anali atatayika basi.

Foni inalira. Anali Natalie, mayi wachizungu amene ankayendetsa kampeni ya a Medson. Iwo anaitsegula kuti tonse tizimva.

"Ndiuzeni zoona," anatero Natalie m'Chingerezi. "Mayi ali pavidiyoyu mukumudziwa? Akuti ndi Zelipa Likongwe, inu ndinu Kadzuwa, maina ndi osiyana. Ngati ndi munthu wapadera, tinena kuti anachita zam'mutu mwake, nkhaniyi izilala. Koma ngati ndi wachibale, chipani chikusiyani. Ndiye ndikufunsanso, mukumudziwa?"

A Medson anayang'ana achemwali awo, kenako anayang'ana ine. Apa ndisanamizire munthu wina: amene anapukusa mutu ndine. Ndinapukusa kawiri, mwamphamvu. Ndinaganiza za zaka zonse zimene tinagogoda m'makomo a eni chisanu chili tho, ena akutitsekera zitseko kumaso. Zonsezo zithere pa shuga? Asa!

"Ayi," anatero a Medson. Mawu anatuluka ngati a munthu wodwala chifuwa. "Sindikumudziwa."

Natalie anapumira m'mwamba, nati alemba chikalata chopita kwa atolankhani masana omwewo. Foni inaduka. Alamu Chingerezi amachimva bwinobwino, akhala kuno zaka makumi awiri. Anapinda nsalu ija mosamala, ngodya ndi ngodya, n'kuiika m'chikwama.

"Wayankha bwino, Medi," anatero. "Basi ingandisiye."

"Achemwali, tamverani..."

"Ndamva kale. Makutuwa ngabwino." Atafika pakhomo anatembenukira kwa ine. "Mayi a Chipo, mutsale bwino. Mumupatse madzi amwe, wauma kukhosi."

Chikalata chinatuluka, ndipo nkhani inazilaladi monga ananenera Natalie. Ine ndinkadziuza kuti ndapulumutsa banja. Koma Lamulungu kutchalitchi ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Amalawi ndi anzathu a ku Zambia onse ankadziwa kuti awiriwa ndi a bere limodzi. Palibe anaulula, palibenso anatifunsa. Moni wokha anali wa nsonga za zala, ndipo benchi yathu inali ndi malo ambiri kuposa masiku onse.

Lachitatu la sabata yachiwiri kunabwera Eunice, mwana yekhayo wa alamu, amene ndi namwino mumzinda wa Hamilton. Chinkhoswe chake ndi Webster, mnyamata wa ku Chipata, chinali ku Hamilton komweko Loweruka lotsatira, kutatsala masiku asanu kuti anthu avote. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Komabe ngakhale akanakhala moyo, kwathu mwini mbumba ndi malume. Woimirira kutsogolo, kulandira tambala kwa akuchimuna n'kupereka msoti, anayenera kukhala a Medson.

Eunice anakana kukhala pansi. Anakananso tiyi.

"Malume, ndatumidwa. Amayi akuti Loweruka musabwere."

"Ndisabwere? Nanga aimirire ndani?"

"Abwereka a Davies akutchalitchi."

"A Davies? Iwo aja ngakwa Webster komweko, a ku Chipata! Akuchimuna angakhalenso ankhoswe akuchikazi?"

"Nanga atani? Kubwera anthu oposa zana, anzanga akuchipatala, anzake a Webster akuntchito, aliyense ndi foni yake. Mukaimirira kutsogolo ngati malume anga, pofika madzulo dziko lonse lidziwa kuti munanama. Amayi akuti sakufuna kukupherani ntchito kawiri."

Ine ndinafulumira kulowererapo. "Alamu aganiza mwanzeru, Eunice. Chinkhoswe ndi tsiku limodzi. Chisankho chikatha tidzakonza phwando lathu, malume ako adzalankhule mpaka atope."

Mwana uja anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. "Azakhali, kodi mukudziwa kumene amayi akumapita akaweruka? Akubwerera m'makomo monse muja, kupempha nsalu zija n'kupepesa. Maondo aja mukuwadziwa mmene amatupira. Lifiti ikafa akumakwera masitepe mpaka pansanjika yachisanu ndi chinayi. Anthu akawafunsa kuti phunguyu ndi ndani wanu, akumati, 'Sindimudziwa, ndinangomuona pa TV n'kumukonda.' Dzulo ndawapeza akuyeserera mawu amenewo pagalasi kuti akawafunsa a zachisankho asadodome." Apa anathawira ku Chingerezi monga amachitira ana okulira kuno mtima ukawawa. Anati, "Mwawaphunzitsa amayi anga kukukanani, ndipo akuchita bwino kuposa inu."

Atapita, a Medson anakhala pasofa atagwira mutu.

"Vainess, ndachita chiyani ine?"

"Mwachita zimene aliyense akanachita, bambo a Chipo. Musandiyambire zolira pano. Lamulo lija mwalimenyera zaka zitatu, loti osamalira okalamba azipuma akadwala osaopa kuchotsedwa ntchito, mukagwa ndani adzalikankhe? Si alamu omwewo lidzawathandize? Mukuwathandiza koposa mukakhala kutali."

"Achemwali aja anasiya sukulu amayi atamwalira kuti ine ndiphunzire. Ankandiberekera kuchipatala. Lero mwana wawo akaime ndi malume obwereka ngati mipando?"

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Sankhani limodzi."

"Paja amati chibale ndi fupa."

"Sichiola, eya. Ndiye chidikira mpaka Lachisanu, sichiola. Mpando ndi umene sudikira."

 Pakamwa ine ndili napo, ndipo tsiku limenelo ndinapambana. Chodabwitsa n'chakuti chakudya chinandikanika kumeza.

Loweruka la chinkhoswe tinadzuka m'mawa kukagogoda m'makomo, monga Natalie anakonzera. Anatipatsa dala nyumba zosanja zomwe zija, ati anthu aone kuti phungu alibe chobisa. A Medson ankamwetulira, kugwira anthu chanza, kusiya kapepala. Koma wotchi ankaiyang'ana pafupipafupi, ndipo ine ndinkaona.

Cha m'ma leveni tinagogoda pakhomo lina pamwamba penipeni. Panatenga nthawi kuti atsegule. Anatuluka mayi wokalamba kwambiri, woyendera ndodo, wochokera kuzilumba za ku Caribbean. Paphewa anali atafunda nsalu ija. A Medson anangoti kakasi, akuyang'anizana ndi nkhope yawo yomwe.

"Ndiwe wapansaluyu!" anatero mayiyo m'Chingerezi, akuseka. "Usaope, sindikuvotera chifukwa cha shuga. Ndili ndi matenda a shuga ine, ndinapatsa aneba. Mayi wogawa nsalu uja anabweranso kudzaitenga nsaluyi, ndinamukaniza. Ndinamuuza kuti chiyambire Khirisimasi palibe anagogoda pakhomo pano kupatula iye. Ulendo woyamba anaona zikhadabo zanga zakumapazi, anagwada pomwepa n'kundiwenga. Ulendo wachiwiri ananditsukira mbale, uku akulira. Ndinamufunsa kuti mwana wanga ukuliranji, iye akuti ndi anyezi. M'nyumba muno mulibe anyezi." Anawagwira dzanja a Medson. "Ndinamva pawailesi kuti sukumudziwa. Ndiye ndikuuze, mufunefune umudziwe. Anthu otere ngosowa."

 A Medson anawerama, n'kutembenuka. Sanadikire lifiti. Ndinawathamangira m'masitepe, mapepala a kampeni akugwa m'manja.

"Bambo a Chipo, galimoto mukuitembenuzira kuti? Tatsala ndi nyumba ziwiri!"

"Ku Hamilton."

"Mwapenga? Masiku asanu okha! Mwasambira mtsinje wonse kuti mumire m'mphepete?"

"Ukafuna tsika, Vainess. Siteshoni ya sitima ili apo."

Sindinatsike. Ndinalankhula kuchokera ku North York mpaka ku Oakville, pakati pa ulendo. Ndinatchula lamulo lija, ndinatchula Chipo amene ali kuyunivesite, ndinatchula manyazi. Iwo maso ali pamsewu. Titadutsa Oakville mawu anandithera. M'mutu mwanga munkangobwera alamu atagwada pakhomo la mlendo, ndi maondo otupa aja, akuwenga zikhadabo. Ndinachita manyazi, abale, manyazi enieni otentha kumaso.

Chinkhoswe chinali mu holo yapansi pa tchalitchi china. Tinalowa mwakachetechete n'kuima kumbuyo, pafupi ndi pokolekapo majekete. Tinapeza atsikana atatu atawafunditsa nsalu kuyambira kumutu, ndipo Webster ankazungulira kufuna wake. Anaima pa wachitatu, nayang'ana mapazi, n'kuvundukula. Anali Eunice. Nthungululu zinaphulika.

"Wamudziwa wake! Wamudziwa wake!" anakuwa woyendetsa mwambo. "Tsopano ankhoswe abwere kutsogolo. Akuchimuna aima kale ndi tambala wawo. Nanga malume a mwana ali kuti?"

 Amene ankadziwa anaweramitsa mitu. A Davies, bambo wofatsa waimvi, anadzuka pang'onopang'ono akukonza jekete, nkhope ikuoneka kuti akusenza katundu wa mwini.

"A Davies, pepani, khalani pansi," anatero a Medson kuchokera kumbuyo. "Mwatigwirira ntchito, zikomo. Malume a mwana ali pano."

Anthu onse anatembenuka. Mafoni anakwera m'mwamba ngati manja a ana a sukulu. Alamu anadzambatuka pampando, n'kubwera akutsimphina, mpango utapendekeka. Anawatsekera njira a Medson pakati pa mipando.

"Tuluka," ananong'ona, mano ali gwa. "Tuluka msanga asanakujambule bwino. Bambo inu sitikukudziwani kuno, mwasochera."

"Achemwali, ndipatseni njira."

"Medi, ndakugwira mwendo. Ndameza manyazi masabata awiri kuti iwe upambane. Usanditayire zimenezo."

"N'zimene ndabwera kudzakulavulitsani."

Anawalambalala, nakatenga maikolofoni. 

"Dzina langa ndine Medson Kadzuwa. Mayi aima apowa ndi a Zelipa, achemwali anga, bere limodzi. Anandilera ndi iwowa. Anagawa nsalu chifukwa kwathu ndi mmene timaonetsera kuti uyu ngwathu, sanadziwe kuti kuno n'koletsedwa. Kulakwa kwawo n'kwa kusadziwa. Ine ndinanena kuti sindikuwadziwa, ndikudziwa bwino lomwe chimene ndikuchita. Wolakwa wamkulu ndine. Akuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ine ndinatero. Achemwali, ndikhululukireni. Eunice, mwana wanga, ndikhululukire."

Kenako anabwereza zonsezo m'Chingerezi, liwu ndi liwu, akuyang'ana mafoni aja, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve.

Alamu anafika pomwe anaima n'kuwamenya pachifuwa ndi chibakera, kawiri. "Chitsiru! Chitsiru cha munthu iwe!" Ulendo wachitatu dzanja silinabwerere. Linagwira malaya, ndipo anaika mutu pachifuwa pomwepo n'kulira mokweza, kulira kwa kumudzi, kosasamala kuti pali azungu. Eunice naye anali akulira, zopakapaka zonse zikutsika. Ine ndisaname, ndinabisala kuseri kwa majekete a eni.

A Davies ndi amene anapulumutsa mwambo. Anayamba kuwomba m'manja mwa ulemu, pang'onopang'ono, ena n'kutsatira. Mkulu wakuchimuna anabwera ndi mbale. Nkhuku zamoyo salola m'maholo akuno, ndiye tambala anali wootcha, msoti nawonso wootcha. M'thumba la a Medson foni inkangolira, ndipo tonse tinkadziwa woimbayo. Anaitulutsa, nandiitana ndi maso, n'kundipatsa. Ndinaizimitsa ndine. Iwo analandira tambala ndi manja awiri.

Zotsatira zake sizinachedwe. Lamulungu vidiyo inali ponseponse. Lolemba chipani chinalengeza kuti a Medson si munthu wawonso. Ena ankaimba kuwayamikira, ena kuwatukwana kuti ndi wabodza, ndipo onsewo ankanena zoona. Lachinayi anthu anavota, a Medson anagwa. Lamulo lija linagwera limodzi nawo, ndipo zimenezo zimandiwawabe mpaka lero. Nkhani ya nsalu a zachisankho anati aifufuzabe, awiri onsewo adzaitanidwa.

Lachisanu m'mawa tinatuluka kukazula zikwangwani za kampeni m'makapinga a anthu, poti lamulo limafuna kuti zichoke msanga. Anthu onse amene ankatizungulira masiku a kampeni anali atasowa. Tinali awiriwiri, ine ndi amuna anga, mame akunyowetsa nsapato. Tili pa chikwangwani chachisanu, basi inaima pakona, ndipo munatsika alamu ndi chikwama chawo chija.

Ndinasiya chikwangwani n'kupita kukawachingamira. Ndinagwada pa udzu wonyowawo, magalimoto akudutsa.

"Alamu, tsiku lija amene anapukusa mutu ndine. Iwo akanavomera."

"Ndinakuonani, mayi a Chipo. Galasi la kabati yanu limaonetsa zonse." Anandigwira mkono. "Dzukani, mungadetse siketi. Mumateteza nyumba yanu, inenso ndinkateteza mwana wa amayi anga. Tonse tinaphonya."

Anayenda mpaka pomwe panali a Medson, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Waonda. Mpando wonse uja wagulitsa ndi nkhuku yootcha."

"Inali yokoma, achemwali."

"Usandiseketse, ndikadali wokwiya." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Azimayi akuntchito akufunsa za lamulo lija. Ndawauza kuti munthu akagwa amadzuka, zaka zinayi si kutali. Ulendo winawo ndizidzangogogoda, manja ali m'thumba."

Atatero anatsegula chikwama, natulutsa nsalu ija, n'kuikutumula. Anaimanga m'chiuno pamwamba pa yunifolomu, nkhope za a Medson zili mbwee mpaka kumapazi, pamsewu wa anthu, aliyense akuona.

"Achemwali, mwayambanso?" anatero a Medson, akuyang'ana uku ndi uku.

"Chisankho chatha," anayankha alamu, akuwerama kugwira chikwangwani. "Kapena kuno kulinso lamulo loletsa munthu kuvala nkhope ya mlongo wake? Gwira uko, Medi, tizule."